Zimene tinaona ku Unguja, pa hotela ndi pansi pa nyanja



Chaka chilichonse ana a Fomu 4 akamaliza mayeso a MSCE, ena mwa iwo amakapeza ganyu ku malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja yathu. Ena amaperekera zakudya, ena amachapa, ena amayendetsa maboti a alendo ku Cape Maclear. Makolo ambiri nkhaniyi amaikamba motsitsa mawu, ngati mwana walowera kolakwika. Ife aphunzitsi a maphunziro a Chisilamu timafunsidwa kawirikawiri ngati ntchito ya ku hotela ili yoyenera Msilamu, ndipo timayankha kuti atalikirane ndi mowa, asasiye swala, avale modzilemekeza. Yankho limenelo silinasinthe. Koma pa tchuthi cha Disembala chapitachi tinakhala masiku 6 tili ife otumikiridwa, ndipo tabwera ndi zina zoti tiwonjezerepo.

Mlamu wathu amene amagulitsa zitsulo za galimoto ku Dar es Salaam ndiye anatiitana, ife ndi mayi a kunyumba, ndipo analipira zonse ndi iyeyo. Tikunena izi poyera kuti wina asapite akulengeza kuti malipiro a aphunzitsi akwera. Tinakwera basi mpaka ku Karonga, tinaoloka malire pa Songwe, kenako Mbeya, Iringa, Morogoro, n'kukafika ku Dar es Salaam msana utauma. Kuchoka pamenepo boti lothamanga limatenga pafupifupi maola 2 kukafika ku Zanzibar. Dzina lakuti Zanzibar limaphatikiza zilumba zingapo. Chachikulu, chomwe ife tinapitako, eni ake amachitcha Unguja, ndipo chinzake cha kumpoto ndi Pemba.

Kwa Msilamu wa ku Malawi, Unguja ndi ngati kwa agogo kumene sunafikeko. Seyyid Said wa ku Oman atasamutsira likulu lake ku Zanzibar cha m'ma 1840, amalonda a Chiswahili anachuluka kumtunda kuno, ndipo m'zaka zomwezo Salim bin Abdallah anakhazikika ku Nkhotakota n'kukhala Jumbe woyamba. Mafumu a Chiyao monga Makanjira ndi Mponda ankatumiza maulendo a malonda kugombe. Fiqh ya Imam Shafi'i imene timaphunzitsa m'madarasa mwathu ndi yomwe ambiri kumeneko amatsata, moti swala ya Fajr mu mzikiti wa ku Stone Town, ndi qunut yake yomwe, inali ngati ya kwathu kuno. Kum'mwera kwa chilumbachi, ku Kizimkazi, kuli mzikiti wokhala ndi zolembedwa za chaka cha 500 Hijri, chomwe ndi 1107. Koma njira zomwezo zinadutsanso minyanga ya njovu ndi anthu ogulitsidwa, ambiri a iwo ochokera m'mbali mwa nyanja yathu ino. Msika wa akapolo wa ku Zanzibar unatsekedwa mu 1873, ndipo pamalopo pali tchalitchi cha Anglican. Tinakaonako, tinachokako tili chete. Nkhani imeneyo ikufuna tsamba lakelake, ndipo Insha Allah tidzaibwerera.

Hotela imene tinafikira ili kugombe la kumpoto chakum'mawa, moyang'anana ndi kachilumba ka Mnemba. Dzina lake sitilitchula. Kukongola kokha ndiye kunalipo: madenga ofolera ndi masamba a kokonati, maluwa paliponse, mchenga woyera ngati ufa woyera, ndi dziwe losambiramo pakati. Pa geti mlonda anayang'ana mkanjo ndi chisoti chathu, n'kutifunsa mwaulemu ndithu ngati tabwera kudzaonana ndi bwana wolemba ntchito. Polandirira alendo tinakhala pa benchi nthawi yaitali, uku gulu la azungu limene linabwera pambuyo pathu likulandira timatawulo tonyowa ndi juwisi. Dzina la mlamu wathu litapezeka pa kompyuta, timatawulo tija tinafikanso kwa ife, pamodzi ndi kumwetulira kwake. Amene anatiyang'ana choncho anali Aafirika anzathu, mwinanso Asilamu anzathu. Mwana wathu aliyense amene adzaime pa geti ya loji ku Mangochi alidziwe bwino zimenezi: mlendo wakuda amaona zonse, ngakhale asanene.

Mpopi wa m'bafa mwathu unkangotulutsa madzi ngati misozi. Kwa ena imeneyo ndi nkhani ya kusamba basi, koma munthu wopanga udhu kasanu pa tsiku amaumva mpopi wotere. Tinakanena m'mawa woyamba, anatiyankha kuti "sasa hivi", kutanthauza kuti pompano. Tinakanenanso mawa lake, "sasa hivi" yemweyo, ndi nkhope yowala bwino. Unakonzedwa tsiku lachitatu madzulo. Pa masiku amenewo udhu wina tinkapangira m'nyanja, pakuti madzi a m'nyanja ya mchere ndi oyera ndiponso oyeretsa, monga ana a Fomu 1 akudziwira pa phunziro la twahara.

Nkhani imene inatikhudza kwambiri inachitika kodyera. Zakudya amaziyala pa matebulo aatali kuti aliyense azidzitengera, ndipo zambiri sizinalembedwe kuti muli chiyani. Tinafunsa mnyamata wina woperekera zakudya, waukhondo, wachangu, ngati nyama ya msuzi wofiirira inali halaal. Asanaiyang'ane n'komwe anati, "Zonse ndi halaal, Mwalimu, musadandaule." Mayi wina wophika amene ankawotcha nsomba chapafupi anamva. Anatiuza kuti tidikire, anapita kukhitchini, ndipo patapita kanthawi anabwera n'kunena kuti nyamayo inazingidwa bwino, koma mu msuziwo athiramo vinyo. Sanamwetulire, ndipo ankaoneka wotopa. Anatiwotchera nsomba pa chiwaya china, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankatilozera ndi chala zoti titenge ndi zoti tisiye. Ndi iyeyo anatilawitsa octopus, imene Aswahili amaitcha pweza, yophikira mu mkaka wa kokonati. Kwa ife a madhhab a Shafi'i zamoyo zokhala m'nyanja zokhazokha ndi zololedwa, pomwe abale athu a Hanafi amadya nsomba zokha. Kukoma kwake tisakunamizeni, utaka wa kwathu ukuposa.

Mnyamata uja sanali woipa mtima. Anaphunzitsidwa kuti mlendo sayankhidwa kuti "ayi" kapena "sindikudziwa", ndipo anachita zomwe anaphunzitsidwa. Ndi maphunziro omwewo amene anabala "sasa hivi" wa mpopi uja. Mahotela ambiri amaphunzitsa nkhope ndi pakamwa, chifukwa ndi zimene mlendo amaona msanga. Koma bodza lokoma lija likanatidyetsa chinthu chimene takhala tikuchipewa moyo wathu wonse.

Kumapeto kwa mpanda wa hotela yomweyo kunali kanyumba ka anthu ophunzitsa kusambira pansi pa nyanja ndi silinda ya mpweya, masewera amene amatchedwa scuba. Kumeneko zinthu zinali zina. Mlangizi wake, bambo wa m'mudzi womwewo amene poyamba anali msodzi, sanatipatse juwisi. Anatipatsa pepala la mafunso a zaumoyo: mphumu, matenda a mtima, khunyu, opaleshoni ya m'khutu, mankhwala amene munthu akumwa. Tili mkati molemba anamva mlamu wathu akufwenthera. Anamufunsa kuti chimfinecho chinayamba liti, kenako anamuuza kuti sangamutenge. Mlamu wathu ndiye anali mwini ndalama. Anachonderera, anaseka, anati ndi kachimfine chabe. Mlangizi uja anati, "Bwana, ndalama zanu ndikubwezerani, koma khutu lanu sindingakubwezereni." Tsiku limenelo kanyumba kaja kanataya ndalama za munthu mmodzi.

Ophunzira a Physics amve apa, chifukwa zimene mumaloweza za Robert Boyle, amene anazilemba mu 1662, kumeneko ndi nkhani ya moyo. Pamtunda thupi lathu limapanikizidwa ndi mpweya wa mlengalenga, ndipo tinazolowera. Ukatsika mamita 10 m'madzi, kupanikizika kumeneko kumawirikiza kawiri. Pa mamita 20, katatu. Mpweya ukapanikizidwa kawiri, malo amene umatenga amachepa ndi theka. M'kati mwa khutu muli kamphako ka mpweya, ndipo potsika umamva kupweteka ngati wina akukankha ndi chala. Mankhwala ake ndi kutsina mphuno n'kupemerera pang'onopang'ono, kuti mpweya udutse kanjira kochokera kukhosi kupita kukhutu. Chimfine chimatseka kanjira kameneko, ndiye munthu akakakamira kutsika, nembanemba ya m'khutu ikhoza kung'ambika. Pokwera lamulo lomwelo limatembenuka. Mpweya umene wapuma uli pa mamita 10 umafufuma kawiri pofika pamwamba, choncho munthu akagwira mpweya m'chifuwa n'kuthamangira kumwamba chifukwa cha mantha, mapapo amavulala. Lamulo loyamba limene anatibwerezera mpaka kutopetsa ndi lakuti usasiye kupuma, zivute zitani. Kwa ife amene tinakulira kunyanja, kumene mwana aliyense amadziwa kuti ukamira umagwira mpweya, limeneli linali lamulo lovuta kulikhulupirira.

Tinayamba kuphunzira m'dziwe la hotela, madzi ofika m'chifuwa. Silinda imamangidwa kumsana pa jekete yopopa mpweya, m'chiuno umamanga lamba wa mtovu, kumapazi zipsepse za rabala, kumaso magalasi otseka maso ndi mphuno. Chopumira chimene umaluma pakamwa amachitcha regulator, ndipo anachikonza koyamba m'njira yomwe ilipo lero ndi Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan ku France mu 1943. Ntchito yake ndi kutsitsa mphamvu ya mpweya wa m'silinda, umene umadzazidwa mpaka 200 bar, kuti ufanane ndi kupanikizika kwa madzi amene akuzungulira munthu. Ambiri amaganiza kuti m'silindamo muli okosijeni wa kuchipatala. Ayi, ndi mpweya wamba womwe tikupumawu, wongopanikizidwa. Tinaphunzira kuchotsa madzi olowa m'magalasi tili pansi, kupeza chopumira chikagwa pakamwa, ndi kulankhula ndi manja. Chala chachikulu choloza kumwamba, chimene achinyamata amanena nacho kuti zili bho, kumeneko chimatanthauza kuti tiyeni tikwere.

Alongo athu a m'makalasi onse adziwe kuti mayi a kunyumba nawonso anatsika. Suti ya rabala imathina ndipo imaonetsa thupi mmene lilili, choncho iwo anavala malaya aatali opepuka pamwamba pake ndi hijab yogwira bwino, ife tinavala kabudula wamkulu wopitirira mawondo. Tisanapemphe n'komwe, mlangizi uja anaitana mtsikana wina wogwira naye ntchito kuti akhale wowamanga malamba ndi wowagwira dzanja m'madzi. Sanachite ngati tamupatsa chintchito. Anati akazi a kwawo nawonso amafuna zomwezo.

Nthawi yonyamukira boti sinali yofanana tsiku lililonse, ndipo chifukwa chake chinatisangalatsa ife a kalendala ya mwezi. Nyanja ya mchere imaphwa ndi kudzaza kawiri pa tsiku chifukwa cha mphamvu yokoka ya mwezi ndi dzuwa. Kugombe la kum'mawa kwa Unguja ikaphwa imathawira kutali kwambiri, moti amayi amalowa ndi mapazi kukasamalira minda yawo ya ndere za m'nyanja, zimene amazitcha mwani. Mwezi ukangooneka kumene ndiponso ukakhala wathunthu, kuphwa ndi kudzaza kumakula. Iwo amati bamvua. Mwezi ukakhala theka, madzi sasuntha kwambiri. Amati maji mafu. Choncho woyendetsa boti ukamufunsa za mawa, amayamba wawerenga kuti lero ndi pa chingati mwezi wa Hijri. Deti imene ife timaikumbuka Ramadhan ikayandikira, iwo amadyera.

Kachilumba ka Mnemba ndi ka eni ake ndipo alendo wamba saloledwa kupondapo, koma matanthwe a korali ozungulira ndi malo otetezedwa amene maboti amaloledwa kufikako. Ongoyamba kumene ngati ife sapitirira mamita 12. Amene ali ndi satifiketi yoyamba amafika mamita 18. Tinatsika pang'onopang'ono, tikutsina mphuno mita iliyonse. Pansi palibe bata limene anthu amanena. Umamva kupuma kwako ngati kwa munthu wina, thovu likudutsa m'makutu, ndi kaphokoso kothetheka ngati moto wa mapesi, kochokera ku tizilombo ta m'matanthwe. Mtundu wofiira ndi umene umayamba kuzimirira munthu akamatsika, moti lamba wofiira wa mlangizi wathu anaoneka wakuda. Zonse zimasanduka zobiriwira ngati mtambo.

Ife tinazolowera mbuna za ku Cape Maclear, ndipo sitikuzinyoza: nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse yopanda mchere pa dziko lapansi. Koma kumene kuja thanthwe lenilenilo ndi lamoyo. Korali ndi tinyama ting'onoting'ono tomanga nyumba za laimu, mibadwo ndi mibadwo, tina pamwamba pa tinzake, ndipo m'matupi mwake mumakhala ndere zimene zimatipatsa chakudya ndi mtundu. Tinaona nsomba ya mlomo ngati wa chinkhwe ikukukuta thanthwe n'kumatulutsa mchenga kumbuyo. Mbali ina ya mchenga woyera uja tinaugomera pagombe imachokera m'mimba mwa nsomba zimenezi. Tinaona kamba wa m'nyanja akudya mosatekeseka, kenako n'kukwera kukapuma mpweya pamwamba, pakuti iye alibe silinda. Pakamwa pali chopumira sungatchule liwu lililonse, choncho Subhanallah yense amatsalira mumtima. Tinaonanso malo ena amene korali inafa n'kusanduka zibuma zotuwa. Madzi akatentha mopitirira kwa milungu ingapo, korali imataya ndere zake n'kuyera, ndipo kutenthako kukapitirira imafa. Zimenezi zinachitika kwambiri m'nyanja ya Indian Ocean mu 1998 ndi mu 2016. Mlangizi wathu anati malo ena anawaona ali amoyo pamene anali mnyamata.

Iyeyo nsomba sankaziyang'ana n'komwe. Maso ake anali pa ife ndi pa kawotchi kosonyeza mpweya wotsala. Pa mamita 10 silinda imatha mofulumira kawiri kuposa pamtunda, ndipo munthu wamantha amaimaliza msanga kuposa pamenepo. Wina wa m'gulu lathu atafika pa 50 bar, mlangizi anakweza chala chachikulu kwa tonse. Mlendo wina amene anali ndi kamera anapukusa mutu, akuloza kamba uja. Chala chija sichinatsike. Tinakwera pang'onopang'ono, ndipo pa mamita 5 tinaima mphindi 3. Chifukwa chake ndi nayitirojeni, amene ndi gawo lalikulu la mpweya umene timapuma. Pansi pa madzi amalowerera m'magazi ndi m'minofu, ndipo munthu akakwera mothamanga amatuluka ngati thovu la Fanta yotsekulidwa mwadzidzidzi. Thovu limenelo likakhala m'mfundo za mafupa kapena mu msana limapundula munthu. Pa chifukwa chomwecho munthu sakwera ndege pasanathe maola 12 atatsika kamodzi, kapena maola 18 atatsika kangapo. M'boti mlendo wa kamera uja anadandaula kuti walipira ndalama zambiri. Mlangizi anamumvetsera mpaka kumaliza, n'kumupatsa chinanazi.

Madzulo a tsiku lomwelo tinamva injini ikulira kuseri kwa kanyumba kaja, ndipo tinapempha kukaona. Tinapeza bambo wachikulire, malaya atanyowa ndi thukuta, akudzaza masilinda ndi makina opopera mpweya. Paipi yokokera mpweya inali itamangidwa pamwamba pa mtengo, kutali ndi injini, ndipo anatiuza kuti mphepo ikasintha amaisuntha. Utsi wa injini uli ndi mpweya wa poizoni wa carbon monoxide, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Ulibe fungo ndipo suoneka. Ukalowa m'silinda, munthu amakaupuma ali pansi pa nyanja, kumene kukomoka ndi kumira. Anationetsa kope lakale la masamu mmene amalembamo maola amene makina agwira ntchito, kuti adziwe tsiku losintha sefa. Anationetsanso timphira tating'ono tozungulira, tochepa kuposa ndalama ya K10, timene timatseka pakamwa pa silinda. Kamodzi kakang'aluka mpweya umathawa. Amatiyang'ana kamodzikamodzi usiku uliwonse.

Bambo ameneyu alendo samudziwa. Sajambulidwa nawo zithunzi, ndipo ndalama ya zikomo imene alendo amasiya imathera kwa amene amaoneka. Atati alumphe mlungu umodzi osasintha sefa, n'kulemba m'kope muja kuti wasintha, palibe angadziwe, mwina mpaka tsiku la ngozi. M'kalasi timaphunzitsa mawu akuti amaanah ndi ihsaan, ndipo ana amawalemba bwino pa mayeso: amaanah ndi chimene wasungitsidwa, ihsaan ndi kuchita bwino chinthu podziwa kuti Allah akukuona ngakhale munthu asakuone. Zitsanzo zathu kawirikawiri zimakhala za ndalama za mzikiti ndi za swala ya usiku. Ife m'mawa wa tsiku limenelo tinali titapuma ntchito ya bambo ameneyu kwa mphindi pafupifupi 40, ife ndi mayi a ana athu, tisakudziwa kuti iye aliko. Titamuuza zimenezi anangoseka, n'kutifunsa ngati ku Malawi kulidi nyanja yopanda mchere imene sungaone tsidya lake.

Tsiku lochoka anatipatsa fomu yoti tipereke nyenyezi, kuyambira 1 mpaka 5, pa ukhondo, chakudya ndi ogwira ntchito, ndipo panali mpata wolemba dzina la amene watikhumudwitsa. Mlamu wathu ankafuna kulemba mnyamata wa "sasa hivi" uja. Tinakambirana nthawi yaitali, chifukwa fomu yotere ndi umboni, ndipo umboni uli ndi malamulo ake. Tinali titamva kale kwa mayi wokonza m'chipinda kuti wokonza mipopi ndi mmodzi hotela yonse, ndipo ambiri mwa ogwira ntchito amalembedwa kwa miyezi yochepa ya alendo ambiri, kenako amauzidwa kuti adikire kunyumba. Munthu wotero dandaulo limodzi lokhala ndi dzina lake ndi lokwanira kuti chaka chamawa asaitanidwe. Kubisa cholakwa sikukanakhala chilungamo kwa alendo obwera pambuyo pathu. Kuchikoleka pa munthu wapansi sikukanakhalanso chilungamo. Tinalemba za mpopi, za pa geti ndi za zakudya zosalembedwa monga zinachitikira, opanda dzina la munthu, ndipo tinapempha kuonana ndi manejala kuti za msuzi wa vinyo timuuze pamaso. Anamvetsera, analemba. Ngati anasintha kanthu, Allah ndiye akudziwa. Mayina amene tinalemba ndi a anthu oyamikiridwa: mayi wophika uja, bambo wa masilinda, ndi mayi wokonza m'chipinda, amene tsiku loyamba ataona chisoti pa tebulo anatibweretsera mkeka wake wa swala n'kuuyala moloza kumpoto, kumene kuli Qibla ya ku Unguja.

Alendo nawonso fomu yawo ikanakhalapo, ambiri akanalephera. Tinaona anthu akuitana bambo wa imvi ndi kukhwatchitsa zala. Tinaona ena akuyenda pakati pa mudzi, pafupi ndi madrasa, atavala zosambira zokha, chikhalirecho pali zikwangwani zowapempha kuti aphimbe mapewa ndi mawondo. Ndipo kunja kwa mpanda, mamita ochepa kuchokera pa dziwe losambiramo lija, amayi ankakhala pa mzere ndi zigubu kudikira madzi akumwa. Amene amapereka matawulo oyera masana ndi ana a amayi omwewo.

Kwa akuluakulu a komiti tili ndi zopempha ziwiri zimene tikufuna zilowe pa msonkhano wa teremu ino. Choyamba ndi cha ntchito. Ana athu akupita kale ku maloji, kaya tivomereze kaya tikane, ndipo akumapita opanda malangizo chifukwa amaopa kutifunsa. Kuperekera mowa, kuugulitsa kapena kuunyamulira womwa ndi haraam, ndipo pamenepo palibe zokambirana. Koma ku hotela kuli kuphika, kuwerengera ndalama, kukonza magetsi ndi mipopi, kuyendetsa boti, kulondolera alendo, ndipo wophika wa Chisilamu amene anganene zoona za msuzi ndi chitetezo kwa Msilamu aliyense wapaulendo. Maphunziro ake alipo ku Malawi Institute of Tourism ndi ku Mzuzu University. Tikupempha kuti Sheikh wathu ndi mmodzi wa ophunzira athu akale amene ali pa ntchitoyi adzakhale ndi a Fomu 4 tsiku limodzi, akambirane zenizeni: mmene ungapemphere kwa bwana kuti usaikidwe ku bala, mmene ungapezere nthawi ya Jumu'ah, ndi zoyenera kuchita mtsikana akamavutitsidwa ndi mlendo kapena kapitawo. Nyanja yathu nayonso ili ndi malo ophunzitsa scuba ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay. Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo inalowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984 chifukwa cha nsomba zomwezi. Palibe chifukwa choti alangizi ake azingokhala obwera.

Chachiwiri ndi chapafupi kuposa pamenepo. Titabwerako tinafunsa m'makalasi athu kuti ndi angati angathe kusambira mtunda wofanana ndi bwalo la netiboli osaponda pansi. Anyamata ochepa anakweza manja, mwa atsikana pafupifupi palibe. Awa ndi ana amene amakwera mabwato ndi maboti odzaza popita ku maliro ndi ku Eid, nthawi zina mwera ukuwomba. Tikupempha kuti sukulu ikonze maphunziro a kusambira Loweruka m'mawa, anyamata paokha, atsikana paokha ndi mphunzitsi wamkazi, atavala zophimba thupi monga tafotokozera. Malo ake asankhidwe ndi asodzi odziwa kumene kulibe ng'ona ndi mvuu, kutali ndi bango chifukwa cha likodzo, ndipo a zaumoyo atiuze za mankhwala ake. Pakufunika majekete oyandamitsa osachepera 10 ndi chingwe chachitali. Kholo lililonse limene lili ndi boti, kapena limene lingabwereke majekete, lionane ndi a hedi kapena ife ku ofesi ya aphunzitsi Lachisanu lisanafike.